Mabatani a Bambo

Chitsiriza anaima pakhomo la chipinda chochezera, n'kumaona Wakamera, mnzake wojambula naye filimu, akuzungulirazungulira m'nyumba ya makolo ake ngati munthu wofuna kuigula. Mnyamatayo anakoka katani, anagwada, anatsinzina diso limodzi, kenako anapanga kabokosi ndi zala n'kusuzumiramo.

"Kuwala kwake ndi kumeneku," anatero. "Nanga unkakaniranji kuti tibwere? Tatha nsapato kupempha nyumba za eni, chipinda chili kwanu konkuno."

Chitsiriza anaseka, koma kuseka kwa pakamwa pokha.

Nkhani inayambira kukoleji. Aliyense wa chaka chomaliza ankayenera kubweretsa ganizo la filimu yaifupi, ndipo wopanda filimu ankabwereza chaka. Anzake anabwera ndi za mfuti, za zibwenzi, wina mpaka za ndege yoti igwe, ngati kuti koleji ili ndi ndege yongotaya. Chitsiriza analibe kalikonse. Ataitanidwa kutsogolo, pakamwa panangotseguka pokha: bambo wachikulire, wofa dzanja limodzi ndi sitiroko, ali yekha m'chipinda, akulimbana ndi mabatani a malaya. Palibe wolankhula. Filimu yonse ndi imeneyo.

Aphunzitsi anavula magalasi.

"Ganizo limeneli walitenga kuti?"

"M'mutu mwangamu," anayankha, osaphethira n'komwe.

M'mutu mwa ndani? Anali bambo ake omubereka, aja ankayendetsa basi atavala malaya oyera ositidwa bwino, moti anzawo ankawaseka kuti tsiku lililonse amapita kuukwati. Chidwalireni, mayi ankalawirira kuntchito, bambo n'kutsala akuvala okha kuchipinda. Chitsiriza ankadutsa ndi kapu ya tiyi, n'kuima pampata wa chitseko. Ankaona zonse: momwe ankalumira kolala kuti malaya asathawe, momwe batani linkapulumukira m'zala, momwe ankayang'anira kudenga asanayambirenso. Poyamba ankaona ndi chisoni. Ganizo litavomerezedwa anayamba kuona ndi diso lina, lofufuza pomwe kamera idzaime. Tsiku lina batani litakana kulowa, anadzimva akuti mumtima, "Apa ndiye pokoma." Tiyi wa tsiku limenelo sanamwedwe, ndipo manyazi ake sanamuchokebe.

Ankadziuza kuti awauza mawa. Mawalo linkabereka mawa lina. Ndiye Wakamera atalimbikira zoti aone nyumbayo, Chitsiriza anasankha tsiku lomwe bambo amapita kuchipatala kukawongola ziwalo. Paja nkhanga zinapangana kusanapse. Akamabwerera, anzakewo adzakhala atapita.

"Madala, khala apo tiyese," anatero Wakamera.

Madala anali mnyamata wosamera n'komwe ndevu, koma chifukwa cha mawu ake a besi, mbali zonse za nkhalamba zinkagwera iye. Anakhala pampando wa pawindo, anamasula malaya, anapinda dzanja lamanzere n'kulitsamiritsa pamimba. Anayamba kumanga mabatani akubuula ngati wabayidwa.

"Ayi, usabuule," anatero Chitsiriza, ntchito itamulowa m'magazi. "Munthu wake safuna kuti wina amve. Luma kolala. Eya. Batani likapulumuka usalithamangire, yang'ana kaye kudenga, upume."

Madala anachita momwemo, ndipo zinafanana zedi.

"Pitirizani, ana anga."

Bambo anali pakhomo, atatsamira ndodo yawo. Wowawongola ziwalo uja sanabwere kuntchito, ndiye anangobwerera. Palibe anadziwa kuti aima pamenepo nthawi yaitali bwanji.

Madala anadzambatuka, dzanja lakufa lija litachira pompo. Wakamera anayang'ana dzanja la bambo lopindikira pamimba, anayang'ana Madala, kenako Chitsiriza. Anapereka moni mwaulemu, n'kunena kuti akufuna akaone kuwala kwa panja. Anatuluka onse awiri, Madala malaya ali pululu.

Bambo anayenda pang'onopang'ono, nakhala pampando womwe uja. Chitsiriza anagwada pambali pawo.

"Ababa, ndimati ndikuuzeni."

"Mwana uja amatha," anatero bambo. Mawu awo ankatuluka molemera chidwalireni, koma ankamveka. "Mpaka kuyang'ana kudenga. Zimenezo ngakhale mayi ako sazidziwa."

"Ndalakwa, ababa. Ndinasowa ganizo, ndiye ndinatenga za m'nyumba muno osakupemphani. Ndikawauza aphunzitsi kuti filimuyi ndaisiya. Bola ndibwereze chaka, kusiyana n'kuti anthu akuoneni chonchi."

"Anthu ati? Anthu amandiona tsiku ndi tsiku pamsewu ndikukoka mwendo. Amene ndinkawanyamula pabasi amandipatsa mpando masiku ano. Zimenezo zinasiya kundiwawa. Jambulani filimu yanuyo, umalize sukulu."

Chitsiriza anamva mtima ukutsika. Misozi yomwe inatuluka inali ya mpumulo, ndipo anayamba kuthokoza mawu akupiringizana. Bambo anamudikira mpaka atatha.

"Koma ndifunseko, mayi," anatero. Ankamutchula choncho akafuna kulankhula naye ngati munthu wamkulu. "Unkaima pati?"

Chitsiriza analoza kukhonde la m'kati, pafupi ndi chitseko cha kuchipinda kwawo.

"M'mawa uliwonse?"

Anagwedeza mutu.

"Ndiye unkandiona ndikuluma malaya ngati galu, thukuta lili kamukamu, iwe uli pomwepo ndi manja awiri abwinobwino?"

Sanakalipe. Bola akanakalipa. Anafunsa ngati munthu wofunsa njira.

"Ndimayesa simufuna kuti munthu akuoneni," anayankha Chitsiriza.

"Ndikanafuna zimenezo ndikanakhoma. Chitseko ndinkachisiya chotsekula dala, mwanangu, kuti mwina wina podutsa alowa. Kuitana ndiye kunkandilemera. Munthu amene unkanyamula ana pamapewa, uyambe kufuula kuti bwerani mudzandiveke?" Anapukusa mutu. "Ndinkangoti mwana wanga amachoka m'mamawa, sadziwa."

Masabata onsewa Chitsiriza ankadziimba mlandu woulula chinsinsi, ndipo anali atakonza kale mawu opepesera. Mlandu uwu wokha sanaukonzekere.

Panja Wakamera anagogoda pawindo mwamantha, akuloza kumwamba kuti dzuwa likusuntha.

"Pita, anzako akudikira," anatero bambo. "Ine ndikagoneko pang'ono."

Anakhazika ndodo pansi, anaweramira kutsogolo, anayesa kamodzi, thupi linakana. Anapuma, nayesanso. Chitsiriza anadzuka msanga n'kutambasula manja kuti awagwire, koma iwo anali ataima kale okha.