Madzi Othamanga a ku Kanyama

A Whyson Nkole sanali munthu wosiya ntchito ili theka. Pamene fakitale yawo inatsekedwa, chaka chimene kwacha inkagwa ngati khoma la zidina zosawotcha, sanapite kukalira kumowa monga anzawo ena amene sitiwatchula pano. Anagula makina osefa madzi, nawaika m'kachipinda kuseri kwa nyumba yawo ku Kanyama, nalemba pakhoma kuti: PANO MADZI OYERA.

Mtima wa makinawo unali m'paipi yoyera yonenepa. M'katimo munali kansalu kopyapyala kokulungidwa ngati mkeka, kamene amisiri amakatcha membuleni. Pampu inkakankha madzi a m'chitsime mwamphamvu. Madzi okhaokha ndiwo ankapyola kansaluko, pamene mchere, laimu ndi tizilombo zinkatulukira paipi ina. Oyerawo ankabwera pang'onopang'ono, ndipo pakuti magetsi ankayaka maola ochepa, mzere wa zigubu unkafika kumsewu.

Mvula itagwa zimbudzi zinasefukira, kolera nalowa m'komboni. A zaumoyo anayenda khomo ndi khomo kulalikira kolorini. A Whyson, pokhala mkulu wa mpingo, anamvera, ndipo anamvera mopitiriza. Anati ngati kachivindikiro kamodzi kamayeretsa chigubu, thanki yodyetsa makina iyenera botolo lathunthu. Anatero m'mawa uliwonse, osaphonya.

Sabata yachitatu madzi anayamba kuthamanga. Mzere unafupika. A Whyson anaimirira m'tchalitchi nachitira umboni kuti Mulungu sataya wakhama.

Lachisanu m'mawa kunafika Chisala, mayi amene anawagulitsa makinawo. Anatunga madzi m'kapu, naviikamo kachipangizo koyezera mchere wa m'madzi, konga cholembera, nakayang'ana nthawi yaitali. Kenaka ananunkhiza thanki.

"Ba tate, mwaikamo chani umu?"

"Kolorini, mwana wanga. Tsiku ndi tsiku."

"Mayo! Mwaipaya membuleni!"

"Ndapha bwanji? Taona mmene ikugwirira ntchito. Chiigulireni sinathamangepo chonchi."

"Ni vamene ivo. Yabooka. Thumba ikang'ambika, unga wa nsima sichoka mwamusanga?"

A Whyson anakweza kapu ija kuloza kuzenera. Madzi anali mbee, ngati a ubatizo. Anafunsa kuti bowolo lili pati, alione. Chisala anaseka, nati poyerekeza ndi mabowo otero ngakhale singano ndi chimtengo, maso sangawaone. Koma kachipangizoko kankawerenga makumi awiri kale, lero kakuwerenga mazana anayi, pafupifupi ngati madzi a m'chitsime. Anafotokoza kuti kolorini amadya kansaluko, kuti makala osefera amene madzi amadutsamo asanafike pa kansaluko amagwira kolorini wochepa chabe, osati botolo lathunthu.

"Koma a zaumoyo anati kolorini ndi moyo."

"Ni zoona. Mu chigubu, manzi yakachoka mu mashini. Osati kumbuyo."

"Mankhwala omwewo?"

"Yamene ayo."

"Kutsogolo moyo, kumbuyo imfa?"

"Ba tate, ine sindine m'busa. Nikuuzani chabe vamene vilipo. Membuleni yanyowani iliko mu tauni, koma na dola iyi, mukhale pansi pomvera mutengo."

Ananyamula chikwama chake napita. A Whyson anatsala ataima. Moyo wawo wonse anaphunzitsa achinyamata kuti tsoka limatsata ulesi, ndipo ankadziwa kudzudzula waulesi, wakuba ndi wachidakwa. Koma munthu amene walakwa chifukwa chodzuka m'mamawa ndi kumvera, amadzudzulidwa ndi vesi liti? Anafufuza m'mutu, osalipeza. Chimodzi chokha chinali poyera: mawu a pakhoma paja tsopano anali bodza, ndipo panja anthu ankadikira.

Anatseka mpopi natuluka.

"Lero kulibe madzi. Makina awonongeka."

"Awe ba Nkole, osatinamiza," anatero Norah, amake Josiah, mayi wa ana atatu amene anali patsogolo pa mzere. "Pampu tiimvera ilila. Olo mufuna kukweza mutengo?"

"Sindinama, mayi. Madzi akutuluka, koma si oyera."

"Dzulo yenze yoyera?"

A Whyson anayang'ana mawu a pakhoma aja. Norah anafunsanso:

"Manje tizamwa chani?"

Norah anakutumula chitenje, nanyamula zigubu zake ziwiri, nalunjika kuseri kwa msika, kumene kuli chitsime chosaya choyandikana ndi zimbudzi zitatu. Ena awiri anamutsatira. A Whyson ankachidziwa chitsimecho. Nyumba ya pafupi nacho inali itaika maliro Lolemba. Madzi a m'chitsime cha a Whyson, ngakhale membuleni inafa, ankachokera pansi pakuya. Tsono kukana bodza kunali kutumiza anthu kumanda? Miyendo inanyamuka yokha mutu usanagamule.

"Amake Josiah! Bwererani!"

Norah anatembenuka. "Mwasintha nzeru futi?"

"Tungani. Koma mumve bwino nonse: awa si madzi amene ndinakulonjezani. Mukafika kunyumba muwiritse."

"Na malasha yamene yadula so?"

"Muwiritse, ndatero!"

Anatsegula mpopi. Madzi anatuluka mwaliwiro, okongola, nadzaza chigubu choyamba asanamalize kupukuta manja. A Whyson anaima pambali, akubwereza chenjezo lawo kwa aliyense wotunga, mokweza ngati wolengeza nyimbo, osadziwa ngati anachimwa potseka paja kapena akuchimwa tsopano.