Dzenje M'munda mwa Catherine

Dzenje linali litafika m'chiuno pamene a Douglas anatulukira m'mundamo, jekete lili paphewa, thukuta lili kamukamu.

"Walamula kuti mukumbe pano ndani?"

Adzukulu anaimika makasu. Mateyu, mkulu wawo, anangoloza ndi mlomo kwa a Yesaya, amene anali atakhala pamwala patsinde pa mtengo wa mapichesi. Mkazi wawo, Catherine, anali atamwalira dzana lake, ndipo maliro anali oti aikidwa masana a tsiku lomwelo.

"Ndine, alamu," anatero a Yesaya. "Anandiuza yekha tili kuchipatala. Anati mukandigoneke m'munda mwanga, kumanda ayi."

"Anauza inu. Nanga ine mlongo wake anandiuza liti?"

Nkhani yake inali yodziwika kwa aliyense kumtunda kwa Chinamwali. Chaka chapitacho boma linalengeza kuti malo a m'munsi mwa phiri kumeneko akhala a mafakitale. Pofuna kukopa eni chuma, linalonjeza malo, msewu wa tala, magetsi ndi zaka khumi zosakhoma msonkho. Mayi wa tomato mumsika wa Zomba amadula tikiti tsiku ndi tsiku, koma wobwera ndi makina akuti ayambe wapuma kaye zaka khumi. Ndi nzeru za kulikulu zimenezo. Kampani ina ya juwisi ndi jamu inakopeka, anthu n'kuyamba kusaina mmodzimmodzi zopereka malo awo. A Douglas, monga mwini mbumba, anasainira malo a banja lonse.

Catherine yekha ndiye anakana. Munda wake unali pakati penipeni, pomwe pamadutsa kamtsinje kamene kampaniyo inkadalira. Oyeza malo atakhoma zikhomo zawo za simenti, iye anazizula n'kukaziunjika bwinobwino kumsewu kuti eni ake asavutike kuzifuna. Ankadziwanso chimene aliyense ankadziwa, kuti makampani amaopa manda. Kufukula munthu kumafuna makalata, milandu ndi miyezi, ndipo mwini ndalama sakonda kudikira.

"Mukuona ngati sindikudziwa?" anatero a Douglas. "Akufuna atseke fakitale ndi mtembo wake. Ali moyo anativuta, ativutenso atafa?"

"Ine ndangonena zimene anandituma."

"Anyamata athu akuthyoka misana ndi kabaza pa Chinamwali. Mwana wanu yemwe Lois ali ndi satifiketi ya Folomu 4, koma amathamangira magalimoto a alendo kuphiri ndi kambale ka zipatso. Dzina lake lili pamndandanda wa oyamba kulembedwa ntchito. Mukufuna alifufute?"

A Douglas sanali munthu woipa, ndipo zimene ankanenazo zinali zoona. Vuto lawo linali lakuti chilichonse cholembedwa papepala lokhala ndi chidindo ankachikhulupirira kuposa m'bale wawo.

"Alamu," anapitiriza motsitsa mawu, "mwakhala nafe bwino zaka makumi awiri ndi mphambu zisanu ndi ziwiri. Tisayambane lero. Mkamwini saloza pokumba manda."

A Yesaya anaweramitsa mutu. Mitengo yonse ya m'mundamo anabzala ndi manja awo, koma panalibe ngakhale umodzi umene akanautchula kuti wawo.

Lois anali atatuluka m'siwa atamva phokosolo, ndipo anaima chapatali, maso ali otupa. Amalume ake anamukodola.

"Iwe, mundawu ndi wako tsopano. Nena wekha. Amayi ako tiwaike kuti?"

Lois anayang'ana dzenjelo, n'kuyang'ana bambo ake. Ntchitoyo ankaifuna, ndipo ankaifuna kwambiri. Anali atatopa ndi kumwetulira anthu amene amatsitsa galasi la galimoto pang'ono chabe ngati kunja kukununkha.

"Mmene mwaoneramo, amalume," anayankha chapansipansi.

Bambo ake sanamuyang'ane. Zimenezo zinamupweteka kuposa akanamukalipira.

Mateyu anatuluka m'dzenje n'kudzisasa fumbi. "Ife kumanda tipita, palibe vuto. Koma dzenje ili silingagone lopanda kanthu. Likatero limaitana wina."

Pamenepo ngakhale a Douglas sanatsutse. Adzukulu anadula thunthu la nthochi, n'kuligoneka m'dzenjemo mosamala ngati munthu, mutu kumene umayenera kuloza. Anakwirira, n'kuumba mtumbira.

"Salazani pamenepo," anatero a Douglas.

"Manda sitisalaza ife, bwana," anayankha Mateyu akunyamula khasu lake. "Imeneyo ndi ntchito ya mvula."

Catherine anaikidwa kumanda a mudzi masana omwewo. Abusa analalikira za kufatsa kwake, ndipo amayi amene ankamudziwa bwino anangoyang'anana. Mwa zabwino zonse zimene anali nazo mayiyo, kufatsa sikunalimo.

Tsiku lachitatu anameta. Kawirikawiri wamasiye amamusiya kaye apume, misozi iume, koma a Douglas anali ndi changu. Madzulo ake anaitanitsa ankhoswe n'kuwasudzula a Yesaya. Anawathokoza ndi mawu okoma, akuti anali mkamwini wachitsanzo, ndipo tsopano ndi omasuka kubwerera kwawo ku Jali. Kwawoko kunalibenso nyumba yawo. Amene akanawalandira onse anali kumanda.

M'mawa mwake anamanga zovala m'chikwama, wailesi n'kuikulunga m'bulangete. Lois anawalandira chikwamacho kuti awaperekeze kumsewu. Njira yachidule inkadutsa m'munda, ndipo anayenda mpaka anafika pamtengo wa mapichesi.

Pamenepo anapeza anthu. Galimoto loyera linali litaima m'mphepete mwa munda. Panali mkulu wina wa boma wonyamula faelo, bambo wa kukampani wovala nsapato zosayenera m'munda, ndi a Douglas. Onse atatu anazungulira mtumbira uja, dothi lake likadali lofiira.

"Ndanena kale, mabwana, muli nthochi chabe," a Douglas anali kufotokoza uku akuseka mokakamiza. "Ndi mwambo wathu kuno. Munthu mulibe."

Bambo wa kukampaniyo sanaseke nawo. Anali atapsa kale ndi nkhani ya manda kwina, ndipo sankafunanso kumva za miyambo. Wa bomayo anatsegula faelo yake.

"Mwini munda ndi ndani tsopano?"

"Ndi uyu akubwerayu, mwana wa mlongo wanga. Iwe Lois, tawauza."

Wa bomayo anatembenuka. "Pepani ndi zovuta, mayi. Tingofuna kumva kwa inu. Pansi apa pali ndani?"

Lois anatsitsa chikwama. Anadziwa bwino lomwe chimene yankho lililonse likanamubweretsera. Anayang'ana bambo ake, mutu wawo wometa kumene, bulangete lili kukhwapa, akuchoka ngati waganyu amene ntchito yake yatha. Manyazi amene anagona nawo masiku atatu anamugwiranso.

"Pali amayi anga," anatero.

"Ukunama iwe," anatero a Douglas. "Mudzi wonse unaona. Amayi ako tinawaika kumanda."

Patsinde pa mtengo panali khasu limene Catherine ankalisiya pomwepo. Lois analitola, n'kugwada mwaulemu, n'kulipereka ndi manja awiri.

"Khasu ili, amalume. Kumbani muwaonetse."

A Douglas analiyang'ana khasulo. Ankadziwa kuti pansipo pali nthochi, anaiona ndi maso awo ikulowa. Koma manda otsekedwa ndi adzukulu ndi manda basi. Wowafukula amatsegulira imfa pakhomo pake, ndipo dzina limene anthu amamupatsa silichoka mpaka kufa. A Douglas, munthu wa mapepala uja, manja anawabisa kumbuyo.

Wa bomayo analemba kanthu mufaelo. "Ndiye kuti nkhaniyi ibwerera kulikulu. Itenga nthawi."

"Nthawi ndilibe," anatero wa kukampani. "Malo otere atilonjezanso kwina. Madzi sali ku Zomba kokha."

A Douglas anasendera pafupi ndi Lois. Sanakuwe. "Wataya ntchito yako. Watayanso ya ana a anzako, mudzi wonse. Mawa ukapita kumjigo ukaone ngati pali amene akakupatse moni. Udzadya dothi limeneli?"

"Kaya, amalume."

Sankadziwadi. Sanamve kukoma kulikonse mumtima, koma mantha okhaokha. Bambo ake nawo sakanabwerera, pakuti wosudzulidwa sagonanso pamudzi. A Yesaya anangomugwira paphewa kamodzi, n'kunyamula okha chikwama chawo.

Alendo aja anali atayamba kale kulowera kugalimoto pamene Lois anawaitana.

"Tadikirani pang'ono, mabwana."

Anakoka nthambi, n'kuyamba kuthyola mapichesi, akusankha akupsa okhaokha, n'kumaika m'mphepete mwa chitenje chake. Anapita nawo kugalimoto n'kuwakhuthulira m'manja mwa bambo wa kukampani, ena m'manja mwa wa boma. Awiri otsala anapatsa amalume ake.

"Ndalama zingati?" anafunsa wa kukampani, atasokonezeka.

Anayankha ndi a Yesaya, ali kale panjira, osacheuka n'komwe.

"Landirani, bwana. M'munda mwa Catherine munthu satuluka chimanjamanja, ngakhale amene wakangana naye."