Madala a Pansi pa Mkuyu

1.
Udzu ukumera bwino.

Amatero aliyense wodutsa pamsewu wopita kuchipatala akasuzumira pawaya wa mpanda wa paki. Khansala Jesina Kamwaza amamva ndithu. Amangogwedeza mutu n'kuwonjezera liwiro.

2.
Mpanda usanabwere, pamalopo panali izi: fumbi, mbuzi za eni ake osadziwika, amayi a zitumbuwa, katungwe woduka unyolo, majumbo ouluka ndi mphepo, ndi mkuyu waukulu pakatikati. Pansi pa mkuyupo, madala a bawo. Pakati pa madalawo, bambo ake a Jesina.

A Kamwaza anapuma ntchito ku positi chaka chomwe akazi awo anamwalira. Chiyambire pamenepo, m'mawa uliwonse ankasita malaya, kuvala chipewa, kunyamula kathumba ka nkhomo zosewerera bawo. Ndapita kuntchito, ankatero potseka chitseko.

3.
Jesina analonjeza paki pa kampeni, paki yeniyeni ya udzu ndi maluwa ndi mabenchi pomwe akwati angajambulitse zithunzi diresi osadetsedwa, ndipo atapambana anailimbikira pamisonkhano ya khonsolo pomwe amuna ankayang'ana mafoni iye akulankhula, ankamutcha mayi wa maluwa, ankati tauni ino ikufuna zimbudzi osati kapinga, koma iye osatopa, kulemba, kupempha, kugogoda zitseko, kudikira pamabenchi a maofesi mpaka msana kuwawa, mpaka tsiku lina lole inatsitsa waya ndi mapolo ndipo omwe ankaseka aja anayamba kunena kuti maganizowo anali awo

4.
Osaponda udzu.
Osachita malonda.
Osalowetsa ziweto.
Osatchova juga kapena kusewera bawo.

Koma bawo si juga, mayi, anatero mmisiri wolemba chikwangwanicho, burashi ili m'malere.

Ndikudziwa, anayankha Jesina. Koma tikalola awa, mawa kubwera a makadi. Lembani.

5.
Mbiri inamupeza kuti madala alumbira. Sachoka, olo kubwere apolisi.

Anapita yekha. Anamanga chitenje pamwamba pa siketi ya ku ofesi, nagwada patsogolo pawo, nalankhula. Za ana a m'tauni muno omwe sanaonepo duwa lobzalidwa. Za alendo. Za shedi yabwino ya malata yomwe awamangira kuseri kwa msika. Mawu ankatuluka okha tsiku limenelo, osapunthwa ngakhale pamodzi.

Bambo ake sanadzutse mutu. Ankangosuntha nkhomo, dzenje ndi dzenje.

Kutacha, pansi pa mkuyu panalibe munthu.

Mayi uyu ali ndi pakamwa, anatero a tcheyamani ku khonsolo, anthu n'kuwomba m'manja. Jesina anakhulupirira.

6.
Shedi anamangadi. Inayandikana ndi chigayo. Dzuwa likakwera, malata ankawotcha mitu, ndipo phokoso la injini linkameza nthabwala isanafike kwa woimva.

Mmodzi anabwerera kumudzi. Wina anasamukira pakhonde la botolositolo. Awiri anayesa kulimbikira, kenako anayambana pa nkhani yopanda mutu. Tsopano m'shedimo amasungiramo matumba a gaga.

7.
Tsiku lotsegulira paki kunali riboni, kwaya ya amayi, zokuzira mawu. Jesina ali ndi sizasi m'manja anawaona bambo ake kunja kwa mpanda, malaya osita, chipewa, zala zitakola pawaya.

Anawakodola. Lowani, bambo!

Iwo analoza nsapato zawo zafumbi, kenako analoza udzu, n'kuseka. Anamuwombera m'manja ali konko.

8.
Bambo, lero simupita ku shedi?

Ndipita mawa, Jesi. Nanga udzu wako uja?

Ukumera bwino.

Basi, ndi zomwezo.

9.
Anayamba ndi kusiya chipewa. Kenako anasiya kusita. Kenako kumeta ndevu. Ankakhala pakhonde kuyang'ana msewu, dzanja lamanja likutola zinthu zosaoneka pabondo n'kumazigwetsa chimodzichimodzi. Tsiku lina anamuitana Jesina ndi dzina la mayi ake, namufunsa ngati ana adya.

Ndi ukalamba, anatero adokotala.

Ukalamba. Jesina analigwira liwulo ndi manja awiri. Ankaliuza kwa achibale, kwa a mpingo, kwa iye mwini posamba.

10.
Bambo ake anamwalira mwezi wa Okutobala, mkuyu utadzaza ndi nkhuyu zopanda wozitola.

11.
Loweruka kumabwera akwati. Amaima pabenchi, amamwetulira, amakwera galimoto zawo. Masiku enawo geti imakhala yokhoma kuopa mbuzi. Mlonda amathirira, amatchetcha, amathiriranso.

Udzu ukumera bwino.

12.
Mwambo wa maliro utatha, Jesina anakawafuna a Likongwe, mnzawo wa bambo ake wa pabawo. Anawapeza pamsika akusankha fodya. Anawagwadira, nawapatsa moni, nanena zomwe anabwerera: chikwangwani chija achifufuta, geti izikhala yotsegula, madala abwerere pansi pa mkuyu.

Tibwerere ndi ndani, mayi? anafunsa a Likongwe. Ndatsala ine ndi Sandifolo, ndipo Sandifolo maso anafa.

Ndinakunyengererani ndine, anatero Jesina. Pakamwa pangapa ndi pomwe panakuchotsani.

A Likongwe anaseka pang'ono, kuseka kopanda chimwemwe.

Inu? Pepanitu mayi, zomwe munalankhula tsiku lija palibe anazimva. Theka la ife makutu anatha kalekale. Tinali titapangana kuti tizigona pomwepo, mabulangete tinali titabweretsa. Mutangochoka, bambo anu anavula chipewa n'kutigwadira. Kamwaza, munthu woti ngakhale potuluka m'bawo atadyedwa zonse sankaweramitsa khosi. Anayenda ndi mawondo kwa aliyense wa ife, mmodzimmodzi. Anati anzanga, iyi ndi ntchito yoyamba ya mwana wanga, mukakana amuseka, ndipo sadzamupatsanso ina.

Jesina anagwira thebulo la wogulitsa fodya.

Ine ndinakwiya, anapitiriza a Likongwe. Ndinati iwe Kamwaza, kunyumba kwako kulibe mkazi, kulibe munda, ukachoka pano uzikatani tsiku lonse? Anati musadandaule za ine. Khonde langa lili pamsewu. Ndizikakhala pamenepo n'kumamvera anthu odutsa akumutama mwana wanga.