Mkamwini wa ku Palamu

Jitni anakhuthula ndowa ina ya madzi pansi m'nyumbamo, koma dothi linangomwa madziwo n'kuyamba kufuka nthunzi.

"Thira inanso," anatero Dukhan, mwamuna wake. "Alendo akavula nsapato asapse mapazi."

"Mungazime moto wa pansi ndi ndowa, bambo a Lalmuni? Unayaka agogo anu asanabadwe!"

Pansi pa mudzi wawo ku Jharia malasha ankayaka osaleka. Makoma ankang'aluka, ndipo chaka chathachi nthaka inameza nyumba ya mnansi wawo ndi mbuzi zomwe. Dukhan, wotola malasha m'mphepete mwa mgodi, analibe loto lina koma lakuti mwana wake Lalmuni akwatiwe kutali, chifuwa chisanamugwire. Nchifukwa chake ananamiza nkhoswe kuti moto uli kutali ndi nyumba yawo.

Alendo anafika masana: a Harku ochokera ku Palamu ndi mwana wawo Birju, mnyamata woonda ngati bango. Anakhala pamphasa. Lalmuni anabweretsa tiyi maso ali pansi. Posakhalitsa a Harku anayamba kusunthasuntha.

"Mphasa yanuyi ndi ya chitofu?" anafunsa akuseka.

Dukhan thukuta linati kamukamu. "Ndi dzuwa, achimwene, malata atentha..."

"Musavutike. Utsi tauonera pa siteshoni. Wokwata kwa mphenzi saopa kung'anima. Mwanayu tamukonda."

Mtima wa Dukhan unadumpha ndi chimwemwe. Anatambasula dzanja kuti atenge mbale ya maswiti otsimikizira ukwati.

"Tingogwirizana chimodzi," anapitiriza a Harku. "Birju adzakhala konkuno ndi inu."

"Konkuno? Mkazi sapita kwa mwamuna kodi?"

"Apite kukadya chiyani? Kwathu mvula inatiiwala. Munda wasanduka thanthwe, ng'ombe tinagulitsa. Inu muli ndi mwayi, chakudya mumangotola pansi. Mnyamatayu njinga amaitha, azikankha matumba a malasha kupita kumsika."

"Achimwene, kuno anthu safika pomera imvi."

"Kwathu ana safika pomera mano."

Dukhan anamva chisoni chomwe sanachimvepo, pozindikira kuti dzenje lomwe iye ankafuna kutulutsamo mwana wake ena ankalisirira. Anakumbukira mabanja onse amene anabwerera panjira atangomva dzina la mudziwo. Amene analimba mtima kufika pakhomo ndi awa okha, ndipo Lalmuni zaka zinali kupita.

Anakankha mbale ija pang'onopang'ono. A Harku anatola siwiti n'kutafuna mokondwa.

Kuseri kwa nsalu yotchinga, Lalmuni anagwira mayi ake mkono.

"Amayi, ndiye kuti ana anga adzabadwira momuno?"

Jitni anangomukonza mpango kumutu, n'kumuuza kuti apite akagwadire apongozi ake.