Mikanda Yoyera ya Sha

Nsofwa anali atagwada kuseri kwa nyumba, akutsuka makapu a anthu a pamaliro, pamene anamva dzina la amayi ake likutuluka pawindo la kuchipinda. Manja anaima m'beseni. Makutu a mtsikana ameneyu, ndikuuzeni, komboni yonse ya Kanyama inkawadziwa. Munganong'one mutafunda bulangete, iye amva ndithu, ndipo dzuwa lisanapendeke nkhaniyo yafika kale kumpopi.

M'chipindamo munali ba Robert, mng'ono wa malemu bambo ake, amene anabwera kuchokera ku Kitwe ndi jekete lachikopa lomwe sanalivule ngakhale kumanda. Munalinso ba Chilekwa, mlongo wawo wamkulu wa ku Kasama. Ankalankhula Chibemba chakuya, poganiza kuti ana a mu Lusaka sachimva.

"Akapereka makina owotcherera zitsulo aja, timumasula lero lomwe," anatero ba Robert. "Akakana, tikwera basi. Akhale choncho."

"Robert, maliro tangoika dzulo."

"Ndiye nthawi yake ndi ino. Tikamumasula kaye, simudzaonanso ngakhale nyundo."

Nsofwa anangomva bedi likulira.

Kumasula kumeneku si nkhani yamasewera. Kwawo kwa bambo ake, mwamuna akamwalira, abale ake amapaka ufa pachipumi pa mkazi wamasiye ndi kumumanga mikanda yoyera padzanja, kutanthauza kuti m'bale wathu sakukutsatanso, pita ukakhale ngati anzako. Zisanachitike zimenezo, mkaziyo saphikira anthu, sakhudza mchere. Tsono amayi a Nsofwa, ba Monde, ankagulitsa nsomba zouma ndi mpunga wa ku Mongu pamsika. Ndani angagule nsomba kwa mkazi amene akuyenda ndi mzimu wa mwamuna kumsana? Ngakhale azimayi a ku tchalitchi, omwe aja amati ife za makolo tinazisiya, akanangolambalala tebulo lawo akuyang'ana kumbali ngati aona wina wowadziwa.

Nsofwa anatsanulira madzi pansi pa mtengo wa papaya nayang'ana kashedi ka malata kutsogolo kwa nyumba. Mbaula zosamaliza zinali zitasanjikizana momwe ba Katongo anazisiyira matenda atawagwetsa. Bambo ake anali munthu wa zitsulo: mbaula, mageti, mafelemu a zitseko. Analinso munthu wa nthabwala zosatha, woti ngakhale kuchipatala anamwino ankabwera kudzaseka pabedi lawo.

Chikwatirane, ba Katongo sanaitanepo mkazi wawo kuti Monde, kapena amake Nsofwa. Ankangoti, "Sha!" Kamawu kameneka kanayenda m'kamwa mwa anthu zaka zambiri. Kwawo kwa ba Monde, ku Bulozi, ndi mawu aulemu omwe umathera nawo poyankha wamkulu, ndipo akuti tsiku loyamba ba Katongo kugula nsomba patebulo lawo, mtsikanayo anayankha kuti "eni sha", ndiye kuti inde, bamboyo n'kunyamuka nako kamawuko pamodzi ndi nsomba. Abale a ku Kasama ankamva Chibemba chawo, choti siya, ndipo ankatsinana kuti mwina tsiku lina adzamusiyadi Mlozi wakeyo. Monalisa wa ku Harare, wogulitsa mabulangete, ankati kwawo ndimo amaitanira bwenzi. A kum'mawa, a ku Chipata, ankati ayi, mawu amenewo munthu amafuula akadabwa, ndiye kuti ba Katongo akudabwabe mpaka lero kuti mkazi wokongola chotere anawalola bwanji. Nsofwa atafunsa kuti zoona ndi ziti, bambo ake anangogogoda mbaula ndi nyundo.

"Mbaula ni imozi, mwana wanga, koma aliyense aphikapo ndiwo zake."

Dzuwa litakwera, banja linakhala pansi pabalaza. Mipando inali ikadali panja monga zimakhalira pamaliro. Ba Monde anakhala pamatiresi pakona, duku lakuda kumutu, miyendo atatambasula. Nsofwa analowa ndi jagi ya madzi imene palibe anaiitanitsa, nakhala pafupi ndi chitseko.

Ba Robert anayamba ndi mawu okoma, kuthokoza alamu awo posamala wodwala. Kenaka anafika pomwe ankapita.

"Bamulamu, katundu wa mwamuna amabwerera kwa abale. Makina aja tipita nawo ku Kitwe."

"Vovala tengani," anatero ba Monde, mawu ali pansi, m'Chinyanja chawo cha pamsika. "Nsapato tengani, wailesi, njinga, vonse. Makina yazakhala. Mike wamene benze kusebenza naye azapitiliza pa shedi, tizigabana. Ndiye sukulu ya Nsofwa ija."

"Mwaganiza bwino?"

"Eni sha."

"Chabwino. Zomasulana tidzaona tikadzabweranso. Mwina chaka chamawa, mwina chinacho, mayendedwe ndi odula. Ndiponso mikanda sitinabwere nayo."

Ba Monde anayang'ana ba Chilekwa. Ba Chilekwa anayang'ana mphasa, akutola kaudzu komwe panalibe.

"Nizayembekeza," anatero ba Monde. "Ufulu wanga siningagule na chakudya cha mwana."

Anthu atatuluka, anakodola Nsofwa ndi chala.

"Iwe. Naona makutu yako yaimilila monga ya kalulu wa mu khola. Va mu nyumba ni va mu nyumba. Ukatulutsa panja, ine na iwe tizaonana."

"Koma ba mami, muzagulitsa bwanji?"

"Nakamba."

Nsofwa anabwerera kuchitseko milomo ataitseka ndi mano. Moyo wake wonse anthu ankamunena za pakamwa. Aphunzitsi anamusamutsa mabenchi mpaka anatopa. Nkhani ya mimba ya mwana wa abusa inatulukira kwa iye, ndipo amayi ake anachita kukapepesa atagwada. Lero, tsiku loyamba bambo ake ali m'dothi, ankafuna kukhala mwana womvera.

Ndiye mayi wina wophika kuseri anasuzumira pakhomo kufunsa komwe kuli mchere. Ba Monde, mwachizolowezi, anatambasula dzanja kulinga pashelefu pomwe panali chitini. Dzanjalo linaima m'malere. Analibweza pang'onopang'ono, nalibisa m'chitenje ngati laba kanthu.

Nsofwa anaona. Anaika jagi pansi, natulukira pageti osathamanga, kuti asaoneke.

Nyumba yachitatu kuchokera pawo inali ya amake Sydney, Mngoni wa ku Chipata, mayi wa thupi lake ndi mawu omveka mpaka kumsewu. Iwowa ndi ba Katongo ankatukwanana m'mawa uliwonse pampanda, wina wakudya mbewa, wina wakudya anyani, chifukwa Abemba ndi anthu a kum'mawa ndi a chimbuya. Pachibale chimenechi palibe kukwiya. Pamaliro a Mbemba, a kum'mawa ndiwo amaphika, amanyamula bokosi, amaseka olira, amathira anthu ufa, ndipo angakulande chipewa ngakhale uli bwana wa pamgodi. Ukakwiya, wanyoza mtundu wako womwe.

Anawapeza akutsuka mapoto akuluakulu a pamaliro ndi mchenga.

"Ba make Sydney, nili na nkhani, koma ba mami baniletsa."

"Iwe unayamba liti kuletseka? Kamba."

Nsofwa anakamba zonse, za pawindo, za makina, za basi ya masana, za dzanja ndi chitini cha mchere. Pofika pa mchere mawu anamuthawa, chinthu chimene sichinamuchitikirepo.

Amake Sydney anasamba m'manja mosafulumira. Analowa m'nyumba, natuluka akumanga kanthu pakona ya chitenje.

"Ita amake Mathews na bonse ba kwathu bali ku mapoto. Ubauze babwele na unga. Osati wa mu mbale, wa mu saka."

Ba Robert anatuluka m'nyumba chikwama chili paphewa, foni kukhutu, ba Chilekwa akutsatira m'mbuyo. Pageti anapeza mpanda wa zitenje. Asanatsegule pakamwa, chikwama chinali chitapita, chikudutsa m'manja mwa azimayi ngati mwana wakhanda. Amake Sydney anakweza beseni ndi manja awiri nakhuthula. Ufa unatsika pamutu, m'makutu, m'khosi, ndipo jekete lachikopa lija linayera ngati la wogwira ntchito pachigayo.

Anthu omwe anali atakhala pamipando panja anaphulika. Ana anakwera pampanda. Wina anaimba nthungululu.

"Bakudya kolwe, bakudya anyani!" anafuula amake Sydney. "Muthamangila kuti? Anyani ku Kitwe yazatha?"

Ba Robert anayesa kuseka. Kunali kuseka kwa munthu woponda minga pamaso pa apongozi. Anapisa m'thumba kuti adziwombole monga mwa mwambo, koma amake Sydney anakankha dzanjalo.

"Lelo sitifuna ya dilinki. Mwaibala chinthu mu nyumba umu. Mukazi wa mubale wanu mwamusiya womanga monga mbuzi ya pa msika wa Chibolya."

"Mbuya, izi ni nkhani za banja."

"Banja? Mutembo tasambika ise, bokosi tanyamula ise, imwe munali pa foni. Manje banja ni ndani? Chola muzachiona mukamumasula. Ngati mwakalipa, kambani pamenso pa bantu kuti Mubemba akalipila mbuya wake, tikulembeleni nyimbo."

Ba Robert anapukuta ufa m'zikope nayang'ana uku ndi uku. Panalibe nkhope yowathandiza.

"Sitinakane," anatero. "Mikanda chabe ndiye palibe. Sitingachite mwambo na manja yeka."

"Ndiye vuto iyo?"

Amake Sydney anamasula mfundo ya pachitenje. Pachikhatho pawo panagona kachibangili ka mikanda yoyera. Phokoso linazima.

"Mubale wanu ananipatsa pamene anayamba kukangiwa kunyamula nyundo. Anati, iwe wakudya mbeba, bantu ba kwathu nibaziba, bamaibala vinthu. Bakakumbuka beka, ukataye mu ngalande, usauze munthu. Bakaibala, ubachititse nsoni." Anatembenukira kwa Nsofwa. "Nenze kuyembekeza chabe wailesi yathu iniuze."

Ba Chilekwa anasendera natenga kachibangiliko. Mikandayo sinali pa ulusi. Inali pa waya wa kopa wopyapyala, nsonga zake zopotokola bwino kukhala kangowe, momwe zimakhalira zogwirira za mbaula za ba Katongo. Anakatembenuza, nakatembenuzanso.

"Mapotokoledwe awa," anatero m'Chibemba, osayang'ana munthu. "Ankapanga chonchi magalimoto a waya tili ana. Iwe Robert unkalira, iye n'kukupatsa yake."



Ba Monde anali ataima pakhomo, atagwira felemu lomwe mwamuna wawo anawotcherera yekha. Maso awo anapeza Nsofwa, ndipo Nsofwa anadziwa kuti nkhani ya pakamwa pake idzakambidwa ndithu, koma sanaweramitse mutu.

Ba Chilekwa sanaitanitse mbale. Anatambasula dzanja, nakokola ufa paphewa la jekete la ba Robert, nayenda nawo mpaka pakhomo. Ba Monde anagwada. Chala chinadutsa pachipumi n'kusiya mzere woyera.

"Mulamu, m'bale wathu munamusunga mpaka tsiku lake. Alibe nanu mlandu, ifenso tilibe. Phikani, gulitsani, thirani mchere." Anatembenuka pang'ono. "Makina akhala, Robert. Tenga njinga."

Nthungululu zinabuka. Chikwama chinabwerera chokha kudutsa m'manja momwe chinapitira, ndipo amake Mathews anayamba kuwapukuta ba Robert ndi chitenje chomwe chinali ndi ufa wochuluka kuposa jekete.

Nsofwa sanaone zimenezo. Ankayang'ana ba Chilekwa akukoletsa kangowe padzanja la amayi ake. Waya satamuka ngati ulusi. Akachepa wachepa, akakula amavuka. Koma kachibangiliko kanakhala ndendende, osafinya, osagwedera.

Pamenepo anakumbukira masana ena, bambo ake atagona pamatiresi omwe aja. Amayi ake anabwera ndi phala, ndipo bambo anawagwira padzanja, chala chachikulu ndi chamkombaphala zitazungulira n'kukumana. "Waonda, Sha," anatero, "ukudwala ndiwe kapena ine?" Amayi anaseka nachotsa dzanja lawo. Koma zala za bambo zinakhalabe chozungulira, momwemo, mpaka anazilowetsa pansi pa bulangete mosamala ngati anyamula dzira.

Monalisa anamugunda ndi chigongono. "Iwe, waona chani? Kamba, sha."

Nsofwa anapukusa mutu. Analowa m'nyumba, natsitsa chitini cha mchere pashelefu, nakachiika m'manja mwa amayi ake.