Dothi la a Bauleni Linaolokera pa Chirundu

Achimwene anga a Passmore ali ndi pasipoti. Ngati simunamve ndiye kuti simunakumane nawo, chifukwa munthu amayamba wamva za pasipotiyo asanamve dzina lawo. Ndi mlonda pa fakitale ina ku Norton, kufupi ndi Harare, koma akabwera kukomboni kuno amayenda ngati famuyi anachita kugula.

Bambo athu, a Bauleni, anabwera kuno wapansi kuchokera ku Malawi ali mnyamata, kale kwambiri. Anali awiri ndi mkulu wawo Lazalo. Mkuluyo anadwala m'njira n'kumwalira m'mphepete mwa Zambezi akudikira bwato. Anzawo apaulendo anamuika pansi pa mlambe wa padoko, tsidya la kwawo, bambo n'kuoloka akulira. Zaka zonse zimene anathyola fodya wa azungu, kenako wa eni famu atsopano, pempho lawo linali limodzi: ndikadzafa mudzandiike konkuno, koma mudzatape dothi la pamanda anga lioloke Zambezi, likagone pafupi ndi mkulu wanga.

Anamwalira mwezi wa June. Amayi anatapa dothilo ndi manja awo, n'kulimanga m'kansalu, n'kuliika m'chitini cha tiyi. Anachita bwino kufulumira, chifukwa mwini famu anali atanena kale kuti manda a kukomboni akumudyera malo a fodya. Kwa iye ife ndife aganyu basi, amoyo ndi akufa omwe.

Wonyamula chitini anali wapasipoti, nanga n'kukhalanso ndani? Amayi anafunsa ngati njira akuidziwa.

"Mhamha," a Passmore anawayankha amayi, "Zambezi ndi nkhani? Malole amapita tsiku ndi tsiku. Ndikwera kombi mpaka Harare, kenako basi, mawa lake ndafika."

Palibe anatsutsa. Ife obadwira m'mafamu timadziwa kuti kwathu ndi kutsidya kwa Zambezi, ndipo nzeru zathu zimathera pomwepo. Bambo sankatchula dzina la malo, ankangoti padoko. Ifenso sitinafunse. Inenso Emelia, ndi kamwa langa lonseli, ndinangoyimika nawo kombi n'kuwabayibitsa.

Anapita, anakhalako masiku atatu, anabwerera ku Norton kuntchito kwawo. Kukomboni anadzafika patatha milungu inayi, akuti analibe mpata. M'milungu imeneyo thirakitala inalowa kumanda, ife tikuonerera kuseri kwa waya. Amayi sanalire. Anangoti, "Alime, mwini wake anapita kale kwa mkulu wake." Ndipo kwa nthawi yoyamba chimwalirireni bambo, anayambanso kuimba akamachapa.

Lamlungu limenelo titaweruka kutchalitchi, a Passmore anatulukira ndi magalasi akuda. Anthu anadzaza pakhomo kudzamva za ulendo. Foni inayenda m'manja anthu akuona zithunzi: apa a Passmore pa mlatho, apa a Passmore pafupi ndi lole, apa a Passmore atagwira mlambe ngati akuukankha. Chitini cha bambo chinaoneka kamodzi kokha, nacho theka.

"Ndangooloka chonchi, shuwa, ndikumva anthu akulankhula Chinyanja! Ndinati ndafika kwathu. Mlambe uli pompo, sunasunthe."

Amayi anaombera m'manja, amayi a mpingo n'kululutira.

Kumapeto kwa benchi kunakhala agogo Simao. Iwowa anathawa nkhondo ku Mozambique, ndipo pakomboni pano amawatenga ngati chitsa chokhalira: aliyense amadziwa kuti chilipo, palibe amachipatsa moni. Foni itawafika anaiyang'ana nthawi yaitali, ataifendeza pafupi ndi mphuno.

"Mwana wanga, mlatho uwu ndi wa kuti?"

"Chirundu, sekuru. Pa Zambezi penipeni."

"Nanga anthu a ku Malawi akafunenji ku Chirundu ndi miyendo yawo? Bambo ako anaolokera ku Tete."

A Passmore anaseka. "Zambezi ndi Zambezi, sekuru. Mtsinje ndi umodzi."

"Ndi umodzi, inde. Msewunso ndi umodzi, koma sugona pakhomo lililonse." Agogowo anatola kamtengo n'kuyamba kujambula pansi. "Umayambira kutali uku, kumtunda kwa Zambia. Ulowa ku Angola, ubwereranso, ugwa pa mathithi aakulu aja, udzaza Kariba, ndiye upita pa Chirundu pako apa. Ukadali ndi ulendo. Ulowa kwathu, udzaza Cahora Bassa. Ngakhale Manyame wathuyu, timachapamoyu, amakathira komweko. Ukatsika apo ndiye Tete. Ine ndapalasa bwato pamenepo ndili mnyamata, mlatho kulibe. A ku Dedza, a ku Ntcheu, onse ankatsikira pamenepo, katundu pamutu. Ambiri anatsala m'mbali mwa madziwo."

"Koma Chinyanja ndinachimva ndi makutu anga!"

"Ku Zambia amalankhulanso. Ndipo milambe m'chigwa chimenecho ili ngati mbuzi, sungawerenge."

Mayi wina amene analulutira kwambiri anayamba kukonza duku lake.

Ine ndiye ndinapsa mtima, ndipo ndinalankhula. Ndinati ndadziwa kale anamanga nyumba yopanda khomo. Ndinati foni yonseyi yongojambulira mano, osafunsa njira? Pasipoti anakudindani kuti Zambia, simunawerenge? Munthu wamkulu ndevu pepeya, kukataya bambo ake kudziko la eni ngati zinyalala! Ndinalankhula zambiri, ndipo zinkandikoma.

Agogo Simao anandisiya mpaka mpweya unandithera. Kenako anati, "Iwe ukadakwera basi ya kuti?"

Kunena zoona, ndikadakwera yomweyo.

Amayi sanamvere zonsezo. Anali akuyang'ana mwana wawo wamwamuna.

"Passmore, bwerera ukalitenge dothilo."

"Mhamha, manje..." Anavula magalasi aja. "Ndinakhuthula. Ndinakumba pang'ono ndi kamtengo, n'kukhuthula. Pamaima malole pamenepo, amayi ogulitsa nsomba amasesapo m'mawa uliwonse."

Amayi anaimirira. Analowa m'nyumba, n'kutuluka ndi khasu ndi mbale. Ndinawatsatira. Tinadutsa mpopi, tinadutsa mabani oumitsira fodya, tinakwawa pansi pa waya, amayi a zaka makumi asanu ndi awiri akukwawa ngati wakuba.

Kumene kunali manda kunali mizere, yowongoka bwinobwino kuchokera kumsewu mpaka kudambo, mbande za fodya zitabzalidwa kale, mipopi ikuwaza madzi. Mtengo wa muzhanje, masuku aja, umene tinkazindikirira malo anauzula. Miyala anaiunjika kumalire. Kapitawo anatikuwira ali patali kuti tikuponda mbande, ndipo ngati tikufuna ganyu tibwere Lolemba.

Amayi anayenda mzere umodzi, anabwerera, anayenda wina. Anawerenga mapazi kuchokera pa waya, n'kusokonezeka, n'kuyambiranso. Matope anawafika m'akakolo.

"Emelia," anatero, mawu ali pansi, "iwe ndiye unkabwera kudzasesa. Bambo ako ali pati?"

Ndinakweza dzanja kuti ndiloze. Ndinayang'ana kumanja, ndinayang'ana kumanzere, fodya yekhayekha wofanana. Amayi anadikira, khasu lili m'manja, akuyang'ana chala changa.