Zomwe Sankhani Anadula

Kuchokera pa mlatho wa Bua mpaka ku Chatoloma, panalibe mawu odziwika ngati a Sankhani Mphepo. Ankaulutsa pulogalamu ya alimi pa wailesi ya m'dera pa Kasungu boma, ndipo mawu akewo anali oti ngakhale ku Joni akanamutsegulira zitseko. Akangotsokomola pa wailesi, matenanti m'maesiteti ankaimika makasu. Akabaza ankachita kulimbirana kumunyamula.

Ndiye kunatulukira Frazer Nkhoma. Awiriwa anakulira limodzi kwa Mwase, ndipo ku pulayimale Frazer ankaonera masamu kwa Sankhani. Koma tsopano anali Dokotala Nkhoma, mphunzitsi wa zaulimi ku yunivesite. Pa chionetsero cha alimi, mkulu wa zaulimi wa boma anamukhazika pa mpando wa khushoni pamthunzi, amayi akumuyalira zitenje. Sankhani anaima padzuwa atatukula chojambulira mawu pakamwa pa mnzakeyo, mkono uli nyonyonyo.

Dokotala analankhula motalika. Anati alimi awokere fodya msanga, mvula yeniyeni isanayambe, chifukwa wotere amatulutsa tsamba lolemera. Kumapeto kwenikweni, nthungululu zitayamba kale, anawonjezera kuti zimenezi n'za okhawo amene ali ndi chitsime kapena damu pafupi, otha kuthirira phando lililonse. Ena onse adikire mvula.

Pokonza pulogalamu, nthungululu zija zinamutentha Sankhani m'makutu. Iye zaka zonsezi ndani anamuimbirapo? Anadula chigawo chonse chakumapeto osamvetsera n'komwe zomwe zinali m'katimo, n'kuikapo ndemanga yake.

Chizimalupsa itangogwa, anthu anazula mbande m'nazale n'kuwokera, poti a dokotala anena pa wailesi. Kenaka dzuwa linabwerera ndi ukali. Mbande zinapserera m'mizere, nazale zili mbee.

Mafoni anayamba kulira pa pulogalamu, aliyense akunyoza dokotala. Wina anati sukulu yamuzunguza mutu, wina anati fodya amangomudziwa pa chithunzi. Sankhani anali atazindikira kale chimene anadula, koma ankangoti abale tisatukwane, kwinaku akukweza mawu a wonyozayo. Anadya bwino masiku amenewo.

Frazer anabwera yekha pa minibasi, wopanda tayi, n'kupempha mayi Sellah, mkulu wa wailesiyo, kuti amupatse mpata wolankhula pa pulogalamuyo. Sankhani anamukhazika moyang'anizana naye, akudikira kuti amuloza chala. Koma Frazer sanamutchule. Anati wolakwa ndi iye mwini, chifukwa chenjezo anayenera kuyamba nalo, osati kuliponya kumapeto. Anapepesa, nalonjeza kuti ophunzira ake abweretsa mbande za m'nazale ya ku yunivesite.

Mafoni aja anatembenuka pompo. Mayi Ezelina, tenanti wochokera ku Mulanje, analira pa foni, akuti chibadwire sanamvepo bwana akupepesa. Mkulu wa zaulimi uja anaimba kulonjeza lole yonyamula mbande. Wina anati munthu ngati ameneyu ndiye woyenera kupita ku Nyumba ya Malamulo.

Apa Sankhani zinamukwana. Mpando wa khushoni anatenga Frazer, nthungululu anatenga Frazer, lero watenganso kulakwa kwa mwiniwake n'kumatamandidwa nako, pa wailesi yake, pa pulogalamu yake. Anakokera maiki kwa iye.

"Tadikirani kaye, abale anga," anatero ndi mawu ake okoma aja. "Musatamande munthu wosalakwa. Chenjezo a dokotala ananena, amene ndinadula ndine. Ngati pali wopepesa muno, ndine Sankhani Mphepo."

Anatsamira pa mpando kudikira mafoni. Frazer anangoyang'ana pansi. Kuseri kwa galasi, mayi Sellah anavula magalasi awo pang'onopang'ono.

Foni inalira patapita kanthawi. Anali bambo wachikulire wa ku Chulu.

"Tamva, a Mphepo. Tawapatsani a dokotala maikiyo, atiuze kuti mbande zifika liti."

Sankhani anatsegula pakamwa kuti ayankhe, koma mayi Sellah anali atamuzimitsira kale maiki. Pulogalamu yonse yotsalayo anakhala pomwepo akumvera Frazer akuyankha alimi. Itatha, mayi Sellah anauza Sankhani kuti asiye makiyi a situdiyo pa tebulo.